Kayendetsedwe ka tsiku lojambula pagulu: kuyambira pokonza nsalu mpaka potsuka maburashi

Magulu ambiri a anthu okonda kujambula amayamba ndi moto koma safika patali. Loweruka loyamba anthu amadzaza, wina wanyamula maburashi, wina nsalu, wina wangobwera chimanjamanja. Ola loyamba limathera pokhoma mafelemu, lachiwiri podikira kuti penti woyera aume, ndiye pamene mukuti tiyambepo, dzuwa lafika paliwombo, njala yawawa, aliyense maso ali pa foni. Amene wakwanitsa kujambula kanthu amapita nako kwawo, koma pakangotha milungu iwiri penti wayamba kusweka ndi kusupuka. Loweruka lachitatu mumapezeka mwatsala atatu.

Chimene chimapha magulu otere ndi kuchita pa tsiku lojambula ntchito imene inayenera kutha pakati pa sabata. Malangizo awa ndi a gulu la anthu 6 mpaka 12 ongophunzira, okumana kamodzi pa sabata kapena pa milungu iwiri, ogwiritsa ntchito penti wosungunula ndi madzi. Penti wa oyilo muyambe mwamusiya. Amatenga masiku kuti aume, amafuna tapentaini (mankhwala omusungunulira), ndipo fungo lake m'chipinda chotseka limapweteketsa mutu.

Zofunika kukhala nazo

Za gulu lonse:

- Nsalu ya thonje yokhuthala, yopanda maluwa. Kaliko ndiye wabwino. Mabedishiti a thonje a pa kaunjika amagwiranso ntchito ngati si opyapyala kwambiri. Nsalu yoterera ya nayiloni isiyeni, penti sagwirapo bwino.
- Matabwa a paini opangira mafelemu okokerapo nsalu, ouma bwino, ocheka pafupifupi masentimita 4 mulifupi ndi 2 kuchindikala kwake.
- Sitepula yokhomera pa matabwa, kapena timisomali ta mitu yaikulu ndi hamala.
- Guluu woyera wa akalipentala, uja womatira matabwa.
- Penti woyera wa PVA wopaka makoma, ndi burashi yopentera nyumba ya mainchesi 2 kapena 3.
- Sandipepa wosalala.
- Penti wa acrylic (penti wojambulira zithunzi wosungunula ndi madzi) mitundu 5 yokha: wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera ndi wakuda. Woyera gulani wochuluka kuposa enawo chifukwa ndiye amatha msanga.
- Mtanda wa sopo wochapira, ndowa, sipiriti, botolo lopopera madzi lotsukidwa bwino, ndi kope la gulu.

Za munthu aliyense:

- Maburashi 3: yaikulu yaphwatalala, yapakati yaphwatalala, ndi yaing'ono yosongoka.
- Zitini 2 kapena mabotolo apulasitiki odula pakati.
- Mbale yakale yoyera kapena chivundikiro cha chidebe, posakanizira penti, ndi mpeni wakale wa patebulo.
- Nsanza, chovala chakutha, makala ofewa, ndi zidutswa za makatoni.

Ngati acrylic sakupezeka kwanuko kapena wakwera mtengo, ku hadiweya kumapezeka timabotolo ta utoto tosinthira mtundu wa PVA, komanso ufa wa okusayidi uja amathira posalaza simenti ya pansi. Ufawo mukausakaniza ndi guluu ndi madzi pang'ono umatuluka penti wofiira kapena wakuda wogwira bwino. Mudziwe chabe kuti utoto wothira mu PVA woyera umatuluka wofuwirira, sufika pa kuwala kwa acrylic. Penti wonyezimira wa zitseko ndi mawindo uja sagwirizana ndi madzi, musamuike pa mndandanda.

Zoti mugwirizane musanagule kanthu

1. Khazikitsani tsiku limodzi ndi maola atatu okha. M'mawa kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko ndi nthawi yabwino, kuwala kuli kofatsa ndipo anthu sanatope. Funsani kaye ngati pali opembedza Loweruka musanasankhe tsikulo. Chenjezo: musamasunthe tsiku chifukwa wina ali ku chinkhoswe, wina ku maliro. Zimenezi sizidzatha. Gwirizanani kuti anthu 4 akapezeka, ntchito ichitike.

2. Pezani malo a mthunzi, madzi ali pafupi. Khonde la holo ya tchalitchi kapena kalasi ya sukulu ya pulayimale ndi malo abwino, bola mupemphe kwa akuluakulu a mpingo kapena kwa mphunzitsi wamkulu. Yalani masaka kapena mapulasitiki pansi ndi pa madesiki. Acrylic akaumira pa desiki sachoka ndi madzi, ndipo magulu ambiri amalandidwa malo chifukwa cha dontho limodzi lotere. Pansi pa mtengo wa mango pamakopa, koma nyerere, timasamba ndi zitosi za mbalame zimagwera pa penti wosauma.

3. Nkhani ya ndalama ithe tsiku loyamba. Zopereka zikhale za pamwezi, ndipo msungichuma asakhale yemweyo wokagula zinthu. Zolowa ndi zotuluka zilembedwe m'kope, ngakhale ndalamazo zadzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Mugwirizanenso lero, chithunzi chisanagulidwe ndi chimodzi chomwe, kuti gulu lidzalandirapo gawo lanji pa chithunzi chojambulidwa ndi penti wa gulu. Mukadikira kasitomala atabwera kale, ubale uthera pomwepo. Lamulo lina losafunika kukambirana: penti wa gulu sapita kunyumba kwa munthu.

4. Muzisinthana utsogoleri wa tsiku. Wotsogolera asankhe chinthu chimodzi chimene onse adzajambule, abwere nacho, ndipo asunge nthawi. Sikuti akhale katswiri. Ngakhale amene walowa mwezi watha angathe kubweretsa mtsuko ndi nthochi.

Pakati pa sabata: kukonza nsalu

Apa ndi pamene pamalakwika zambiri. Anthu awiri kapena atatu akumane Lachitatu, amalize Lachinayi, kuti pofika Loweruka zonse zikhale zitauma.

5. Chapani nsalu. Kaliko watsopano amakhala ndi sitachi amene amalepheretsa guluu kulowerera. Muviikeni, mutsukuluzeni, muyanike, kenaka musite kuti makwinya athe. Khwinya limene mwalisiya pano lidzaonekabe chithunzi chitatha.

6. Konzetsani mafelemu ang'onoang'ono. Masentimita 30 kwa 40 ndi okwanira munthu wophunzira. Kalipentala akakhoma, yezani ndi chingwe kuchokera pa kona ina kufika pa kona yopingasana nayo, kenaka makona awiri otsalawo. Miyezo iwiriyi ikasiyana, felemuyo ndi yokhota, ibwezeni. Mumuuzenso apaleko pang'ono m'mphepete mwa mkati, mbali imene nsalu idzagone. Akapanda kutero, burashi ikamadutsa nsalu imagunda thabwa ndipo pachithunzi pamatuluka mzere wozungulira mbali zonse zinayi. Chenjezo: matabwa aawisi amapindika akamauma. Akalemera m'manja kapena akamatuluka utomoni, asiyeni.

7. Kokani nsalu kuyambira pakati. Yalani nsalu pa malo oyera, ikani felemu pamwamba pake, mbali yopalidwa ija iyang'ane ku nsalu. Dulani nsalu kusiya masentimita 6 mbali iliyonse, ulusi wake ulunjike motsatana ndi matabwa. Pindirani nsalu kumbuyo, khomani sitepula imodzi pakati pa mbali yaitali. Pitani mbali ya tsidya lake, kokani, khomani pakati. Chitani chimodzimodzi mbali ziwiri zazifupi. Tsopano muzipita cha kumakona pang'onopang'ono, kutalikitsa masentimita 5, uku mukusinthana mbali: kuno imodzi, tsidya imodzi. Makona apindeni pomaliza. Olakwitsa ambiri amamaliza mbali imodzi yonse asanagwire inzake, ndiye nsalu imachita mafunde osatheka kuwongola. Musakokenso ndi mphamvu zanu zonse. Nsalu ya thonje ikanyowa ndi guluu imadzikoka yokha pouma, ndipo ikakhala kuti inali yokungika kale imapotoza felemu.

8. Tsekani mabowo a nsalu ndi guluu. Gawo limodzi la guluu, magawo awiri a madzi, takasani mpaka asungunuke. Pakani mopyapyala kuchokera pakati kupita m'mbali, ndi m'mphepete momwe. Imikani pa mthunzi podutsa mphepo kwa maola angapo. Guluu ameneyu ndiye amaletsa penti kumwedwa ndi nsalu n'kutulukira kumbuyo. Chenjezo: mukapaka guluu wosasungunula, pamwamba pamachita galasi, penti amaterera ndipo pambuyo pake amasweka.

9. Pakani penti woyera kawiri, mopyapyala. M'kapu imodzi ya PVA thiranimo supuni ziwiri za guluu ndi madzi pang'ono. Ulendo woyamba burashi iyende chopingasa. Akauma, kwechani mopepuka ndi sandipepa, pukutani fumbi, ndiye ulendo wachiwiri burashi iyende chotsika. Kuti mudziwe ngati zatheka, yesani ziwiri izi. Nyamulani felemu muyang'anitse kumene kuli dzuwa: mukaona timabowo towala ngati ta singano, pakaninso kachitatu. Kenaka khulani ndi chala chouma: chala chikatuluka choyera, PVA wanuyo ndi wa choko chambiri, onjezani guluu m'kapumo mupakenso. PVA wotchipa amakonda kutero, ndipo chithunzi chojambulidwa pa iye chimasupuka pamodzi ndi choyeracho.

Musayanike padzuwa pofuna kufulumira. Kunja kumauma, mkati mukadali chinyezi, penti amang'aluka. Nthawi ya chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, mu June ndi July muja, tsiku limodzi silikwana. Yambani Lachiwiri.

10. Iphani kuyera kwa nsalu. Nsalu ya mbee imaopsa wophunzira, komanso imapusitsa diso: mtundu uliwonse umene mwaikapo umaoneka wakuda kuposa mmene ulili. Sakanizani wofiira, wachikasu ndi kabuluu pang'ono ndi madzi ambiri, pakani nsalu yonse, pukutani ndi nsanza kuti patsale mtundu wa dothi wopepuka. Katondo weniweni amagwiranso ntchito imeneyi. Muviikeni mu ndowa, vundulani, dikirani mchenga ukhale pansi, tsanulirani madzi ofiirawo m'chidebe china agone usiku. M'mawa tayani madzi oyera a pamwamba, ndipo phala losalala lotsala pansilo lisakanizeni ndi guluu.

Ndalama za mafelemu zikavuta, dulani hadibodi (thabwa lopyapyala lopangidwa ku fakitale), kwechani mbali yosalalayo, ndipo pakani choyera mbali zonse ziwiri kuti isapindike. Ndipo kunena zoona, miyezi iwiri yoyamba katoni yolimba yopakidwa PVA ndi yokwanira. Munthu amajambula momasuka akadziwa kuti sakuwononga nsalu ya ndalama.

Tsiku lojambula

11. Wotsogolera afike msanga akonze chojambula. Zinthu zitatu kapena zinayi basi: mtsuko, nthochi, tomato awiri, lichero. Kumbuyo kwake kukhale nsalu ya mtundu umodzi. Chitenje cha maluwa chimasokoneza, aliyense amathera maola atatu pa maluwawo. Kuwala kuchokere mbali imodzi kuti mithunzi ioneke, choncho ngati muli m'kalasi tsekani mawindo a mbali inayo.

12. Mphindi 15 zoyamba, makala pa katoni. Aliyense ajambule tizithunzi titatu tating'ono, kukula kwake kosaposa chikhatho, posintha pamene mtsuko wakhala ndi kukula kwake. Asankhe kamene kakukoma. Ophunzira amakonda kujambula kanthu kakang'ono pakatikati pa nsalu, malo onse otsala ali gwaa, ndipo ndi pa katoni pamene vutoli limagwidwa.

13. Samutsirani pa nsalu, mizere ikuluikulu yokha. Mukatha, kunthani makala ndi nsanza youma kuti patsale kachizindikiro chabe. Makala otsala amasakanikira ndi penti n'kudetsa wachikasu ndi woyera. Bolopeni ndi maka musayerekeze, inki yake imatulukira pamwamba pa penti ngakhale mupake kangati.

14. Gawani penti pang'onopang'ono. Munthu mmodzi ndiye azigawa, kadontho kofanana ndi njere ya mtedza pa mtundu uliwonse, ofuna wina adzapemphe. Acrylic wopyapyala amauma m'mphindi zosakwana 30, ndipo mu October amauma muli chiyang'anire. Muzipopera timadzi pa mbale kawirikawiri. Njira ina ndi kuyala nsanza yonyowa m'kontena ya pulasitiki, pamwamba pake pepala lophikira makeke, n'kuika penti pa pepalapo. Mukavundikira, penti amafika mawa ali wofewa. Chitini chimodzi cha madzi n'chotsukira burashi, china n'chosungunulira penti. Chotsukiracho chikada, kasintheni madzi.

15. Sakanizani ndi mpeni, kuyambira pa mtundu wowala. Wachikasu ndi wabuluu amapereka wobiriwira, wofiira ndi wachikasu amapereka olenji, wofiira ndi wabuluu amapereka pepo, ndipo atatuwo pamodzi amapereka bulauni. Zimenezi ambiri amazidziwa. Chimene amaphonya ndi dongosolo lake: ikani wachikasu kaye, ndiye muzitapa wabuluu ndi nsonga ya mpeni. Mukayamba ndi wabuluu mudzatha chubu chonse cha wachikasu mtundu usanafike pomwe mukufuna. Wobiriwira wotuluka pamenepa amakhala wolusa kuposa masamba enieni, ndiye mugwetseremo kofiira pang'ono kuti afatse. Wachikasu ndi kadontho ka wakuda amaperekanso wobiriwira wa masamba okhwima. Mitundu ikapitirira itatu m'chisakanizo chimodzi, osawerengera woyera, yembekezani matope. Kumbukiraninso kuti acrylic akauma amaderako pang'ono, ndiye sakanizani wowalirapo kuposa amene mukufuna, ndipo akhale wokwanira malo onsewo, chifukwa kubwereza mtundu womwewo ndendende n'kovuta ngakhale kwa akatswiri.

16. Yambani ndi burashi yaikulu, malo aakulu, mitundu yakuda. Tsinzinani pang'ono poyang'ana chojambulacho. Timizeremizere timasowa, mumangoona pakuda, papakati ndi powala. Pakani pakuda kaye, kenaka papakati, powala pomaliza. Kumbuyo ndi patebulo pazipakidwa nthawi yomweyo, musadzazungulize mtsuko wotha kale. Burashi yaing'ono ikhale m'thumba mpaka mphindi 30 zomaliza. Mukalakwitsa, musalimbane ndi penti wonyowa. Musiyeni aume, mudzapaka wina pamwamba. Chenjezo: madzi akachuluka kwambiri penti amataya mphamvu yomatira, ndipo mukadzapakanso pamwamba wapansiyo amanyamuka.

17. Pakati pa nthawi, aliyense aimirire. Wotsogolera aitane kupuma kwa mphindi 10. Yedzamitsani zithunzi kukhoma, bwererani m'mbuyo mapazi asanu. Mtsuko wopendekeka suoneka mphuno ili pa nsalu. Ena amajambula chithunzicho ndi foni n'kuchiyang'ana chili chaching'ono, zolakwika zimaonekera pomwepo.

Mukafika pojambula munthu

Musathamangire, koma tsiku limeneli lidzafika, ndipo khungu lathu ndi limene limagonjetsa ambiri.

18. Konzani mitundu itatu ya khungu musanayambe. Wofiira, wachikasu ndi wabuluu pang'ono apereke bulauni wapakati. Mugaweni patatu. Gawo la mumthunzi onjezani wabuluu ndi wofiira. Gawo la powala onjezani wachikasu ndi kofiira pang'ono. Woyera adzabwere pomaliza penipeni, kadontho pachipumi, pamphuno ndi patsaya. Mukawalitsa bulauni ndi woyera yekha, nkhope imatuwa ngati ya munthu amene wasamba osadzola mafuta. Mukadetsa ndi wakuda yekha, nkhope imafa. Yang'anitsitsani munthu wakhala panja pa mthunzi: pachipumi ndi pamasaya pamanyezimira kabuluu kochokera kumwamba, ndipo m'munsi mwa chibwano mumabwerera kufiira kwa dothi kapena mtundu wa malaya ake. Choyera cha m'maso si choyera mbee, chidetseni pang'ono. Mano musawerenge limodzilimodzi.

19. Wojambulidwa azipuma. Akhale mphindi 20, apume 5. Lembani ndi choko pamene pali miyendo ya mpando ndi mapazi ake kuti akabwerera akhale chimodzimodzi. Mamembala azisinthana. Mukaitana munthu wapadera, gwirizanani za kangachepe kake asanakhale pansi, ndipo mwana musamujambule makolo ake osadziwa.

Kutseka tsiku

20. Onetsanani ntchito, mphindi 15. Mwini chithunzi ayambe kulankhula: amafuna chiyani, chamuvuta n'chiyani. Ena anene chimodzi chimene chatheka ndi chimodzi choti ayese. Kungoti "n'chokongola" sikuthandiza munthu, kuseka ndiye kumathamangitsa. Zimamveka bwino mukati, "Achimwene, mtsukowu ukuoneka kuti sunakhale pansi, bwanji mutaika mthunzi m'munsi mwakemu?" kapena "Mayi, nthochizi mwazigwira, tiuzeni chikasuchi mwachipeza bwanji." Amene ali ndi luso kuposa anzake asalande burashi n'kukonza chithunzi cha wina. Aonetse pa katoni yapadera. Munthu amene chithunzi chake chamalizidwa ndi mnzake sabweranso, ngakhale atathokoza bwanji.

21. Tsukani maburashi musanabalalike. Finyirani penti pa nsanza, tsukuluzani, kenaka zunguzani burashi pa sopo ndi pachikhatho mpaka thovu lituluke loyera, makamaka m'tsinde mwa ubweya, pamene umalowa m'chitsulo. Penti akaumira mmenemo ubweya umayanza ndipo burashi yatha ntchito. Wongolani ubweya ndi zala, gonekani burashi chogona kuti iume. Madzi otentha amasungunula guluu wogwira ubweya. Burashi yosiyidwa choimika m'chitini cha madzi imapindika nsonga. Imene yauma kale ndi penti iviikeni mu sipiriti kwa kanthawi, kutali ndi moto ndi ana, kenaka muitsuke ndi sopo. Madzi akuda musathire mu sinki ya eni malo, pafupi ndi chitsime, kapena m'dimba. Werengani maburashi, tsekani machubu, lembani m'kope mtundu umene watsala pang'ono.

22. Sungani zithunzi choimika. Zikhale pa njerwa, osati pansi penipeni, chifukwa chiswe chimakonda paini. Zithunzi ziwiri zisayang'anizane nkhope zitagundana, acrylic amamatana ngakhale atauma. Nthawi ya dzinja musazikulunge m'pulasitiki, zimachita chuku. Kumbuyo lembani dzina ndi tsiku, ndipo chijambuleni ndi foni panja pa mthunzi, osayatsa fulashi. Vanishi wa matabwa musapake, amasanduka wachikasu pakapita nthawi.

Tsiku lotuluka panja

Kamodzi pa mwezi tulukani, gulu limatsitsimuka. Tengani hadibodi kapena makatoni ang'onoang'ono, chifukwa felemu ya nsalu imauluka ndi mphepo, ndipo mu August ndi September fumbi limamatirira pa penti.

23. Pemphani kaye. Pamsika onanani ndi wapampando wa msika, kumudzi a mfumu. Malo a asilikali, polisi, bwalo la ndege ndi nyumba za boma zotetezedwa zipeweni, mungagone m'chitokosi chifukwa cha chithunzi. Gule Wamkulu amakopa wojambula aliyense, koma ku dambwe ndi kumanda si kopita, ndipo ngakhale pabwalo funsani a mfumu musanatulutse makala.

24. Dulani kawindo pa katoni, kukula kwake kofanana ndi foni, muziyang'anira mmenemo kuti musankhe kachigawo kamodzi. Ikani mithunzi m'mphindi 20 zoyamba ndipo musaisinthenso, dzuwa likuyenda. Phiri lakutali silikhala lobiriwira. Yang'anani Mulanje muli m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kapena phiri la Zomba muli pa msewu wochokera ku Blantyre: chinthu chikatalikira chimafuwirira n'kupendekera ku buluu, ndipo nthawi yotentha tchire utsi umachifafaniza kwambiri. Mitundu yolusa isungireni zapafupi.

Ana adzakuunjirirani, zimenezo musakayike. Tengani makatoni ndi makala apadera, mmodzi wa inu awakhazike pambali, apo ayi zala zidzalowa m'mbale za penti.

Thumba la gulu likalola ulendo wautali, ku Dedza kuli zinthu zoti mukaone. Ku Mua kuli KuNgoni Centre of Culture and Art, malo a chikhalidwe ndi luso amene wansembe wa Katolika, Bambo Claude Boucher Chisale, anayambitsa mu 1976, ndipo makoma a nyumba yosungiramo zakale ya Chamare Museum kumeneko ndi ojambulidwa mbiri ndi miyambo. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira ndi zoyera, amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kumeneko jambulani m'kope lanu muli chapatali. Musakhudze mwala, musauthire madzi kuti zithunzi zioneke bwino, ndipo musadindepo pepala.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kugula kabokosi ka mitundu 12 kapena 24. Timachubu take ndi tating'ono, woyera amatha tsiku loyamba, ndipo wophunzira sadziwa kusakaniza chifukwa amangotapa wobiriwira wokonzeratu. Machubu akuluakulu 5 amaposa kabokosiko.

Mthunzi uliwonse kuupaka wakuda. Mthunzi wa nthochi uli ndi pepo, wa tomato uli ndi kobiriwira. Gulu lina limachita bwino kubisa chubu cha wakuda mwezi wathunthu.

Kuyamba ndi nsalu yaikulu. Simalizika m'maola atatu, imadya penti wa anthu anayi, ndipo imathera kuseri kwa kabati.

Kukopera zithunzi za pa intaneti n'kusainapo dzina lanu. Pophunzirira palibe vuto, koma mukafuna kugulitsa dziwani kuti lamulo la Copyright la 2016 limateteza zojambula za ena, za pamanja ndi za kamera zomwe. Komanso aliyense akamajambula mayi wosenza mtsuko dzuwa likulowa, yemwe uja ali pa msika wa ziboliboli uliwonse, gulu silikula. Jambulani kabaza wa pa siteji yanu, chigayo cha kwanu, agogo akusenda nandolo.

Kulengeza chionetsero gulu lili ndi mwezi umodzi. Anthu amayamba kujambulira ogula, mantha amalowa, mikangano ya ndalama imayamba. Dikirani aliyense akhale ndi zithunzi zitatu zimene sachita nazo manyazi, ndipo chionetsero choyamba chikhale pakhonde lomwelo mumakumanapo, oitanidwa akhale abale ndi eni malo.

Kudikira bungwe lodzakuthandizani. Magulu ena amalemba makalata opempha zipangizo chaka chonse osajambula kanthu. Katoni, makala, katondo ndi guluu zilipo kale.

Kunyambita burashi kuti isongoke, kapena kudya chimanga chootcha manja ali penti. Mitundu ina ya penti ili ndi zinthu zosayenera kulowa m'mimba. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, ndipo ufa wa okusayidi musaupume, uthireni madzi musanayambe kutakasa.

Zipangizo zonse kusungidwa ndi munthu mmodzi. Tsiku limene wapita kumudzi, gulu lonse limangokhala manja lende. Gulani bokosi la loko, lisiyeni pamalo pomwe mumakumanapo ngati eni malo alola, ndipo makiyi akhale awiri kwa anthu awiri okhala madera osiyana.